Mount Laurel: mmene tawuni yaing'ono ya ku America imasankhira woti akhalemo

Mu Malichi 2024 bwanamkubwa wa chigawo cha New Jersey ku America, a Phil Murphy, adasaina lamulo latsopano lokhudza nyumba za anthu opeza mochepa. Pofika Okutobala chaka chomwecho, boma la chigawocho lidatulutsa ziwerengero zoti pakufunika nyumba zatsopano zotsika mtengo zoposa 84,000 pakati pa 2025 ndi 2035, ndipo matawuni adauzidwa gawo lomwe iliyonse iyenera kusenza. Matawuni ena, motsogozedwa ndi Montvale, adathamangira kukhoti kukapempha kuti lamulolo liimitsidwe, koma mu Januwale 2025 woweruza adakana.

Aliyense wotsatira mkanganowu amangomva dzina limodzi likubwerezedwa: Mount Laurel. Maloya amanena za "mfundo ya Mount Laurel", mameya amadandaula za "nyumba za Mount Laurel", ngakhale tawuni yawo ili kutali ndi malowo. Mount Laurel weniweniyo ndi tawuni wamba ya anthu 44,633, malinga ndi kalembera wa 2020, yomwe ili makilomita osapitirira 25 kuchokera pakati pa mzinda wa Philadelphia. Kuti munthu amvetse chifukwa chake dzinali lidafalikira chonchi, ayenera kudziwa zinthu zitatu zomwe kumeneko zidamangidwa mtolo umodzi: malo, msonkho ndi sukulu.

Township ya kumeneko si Ndirande

Dzina lonse la malowa ndi Mount Laurel Township. Kwathu kuno tikamva township timaganiza za Ndirande, Mbare kapena Soweto, malo odzaza anthu a m'mbali mwa mzinda. Ku New Jersey township ndi boma laling'ono lodziimira palokha, lokhala ndi malire ake, khonsolo yake, apolisi ake ndi mphamvu zodulira anthu msonkho. Ambiri mwa matawunishipi ozungulira mizinda ikuluikulu ndi malo a anthu opezako bwino, a nyumba za kapinga pakhomo ndi galimoto ziwiri m'galaja.

Maboma a kumeneko ndi osanjikizana. Pamwamba pali boma la dziko lonse ku Washington. Pansi pake pali boma la chigawo, lomwe likulu lake lili ku Trenton. Chigawo cha New Jersey chidagawidwa m'madera 21 otchedwa county, ndipo Mount Laurel ili mu county ya Burlington. Pansi penipeni pali maboma ang'onoang'ono 564, ena otchedwa city, ena borough, oposa 200 mwa iwo township. Palibe kachidutswa ka nthaka m'chigawo chonsecho komwe sikali pansi pa limodzi mwa maboma ang'onoang'onowa, ndipo anthu ake amanyadira kwambiri kuti zinthu za pakhomo pawo amazilamulira okha.

Minda, matchalitchi awiri, kenako msewu waukulu

Eni nthaka oyamba anali anthu a mtundu wa Lenape. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 kudabwera alimi a chipembedzo cha Quaker ochokera ku England, ndipo nyumba yawo yopemphereramo ya miyala, yomangidwa mu 1760, ikadalipo. Mount Laurel idadzakhala township payokha pa 7 Malichi 1872, itapatulidwa ku Evesham. Mu 1885, pa famu ina yotchedwa Paulsdale, padabadwa Alice Paul, mmodzi mwa amayi omwe adamenyera nkhondo kuti akazi a ku America aziponya voti, ufulu womwe udatheka mu 1920.

Mbiri ina yomwe alendo ambiri saidziwa ndi ya anthu akuda a m'derali. Iwo sadabwere dzulo. Ena anali akapolo omasulidwa ndi a Quaker, ena adathawa ukapolo kum'mwera n'kupeza pobisala kuno. Adalima m'minda ya eni ake, adagula timalo tawotawo, adamanga tchalitchi chawo cha Jacob's Chapel mu 1867, ndipo manda a makolo awo ali pomwepo. Mabanja ena adakhala m'derali mibadwo yambirimbiri tawuni isanakhale n'komwe ndi nyumba zamakono.

Zinthu zidatembenuka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Msewu waukulu wa New Jersey Turnpike udatsegulidwa mu 1951, ndipo potulukira pake pa nambala 4 padagwera mu Mount Laurel momwemo. Pambuyo pake kudadutsanso msewu wa Interstate 295. Mwadzidzidzi munthu akadatha kugwira ntchito ku Philadelphia kapena ku Camden n'kumagona kuminda. Chiwerengero cha anthu chidakwera kuchoka pa 2,817 mu 1950 kufika pa 5,249 mu 1960, kenako 11,221 mu 1970. Nthawi yomweyo mzinda wa Camden, womwe uli pafupi, unkaphwa. Mafakitale ankatseka, kampani yaikulu yokhoma zombo idatseka mu 1967, ndipo amene anali ndi ndalama ankasamuka. Camden inali ndi anthu oposa 120,000 mu 1950, koma mu 2020 adatsala pafupifupi 72,000.

Amene amayendetsa tawuniyi

Lero Mount Laurel imalamulidwa ndi khonsolo ya anthu asanu. Amasankhidwa ndi tawuni yonse, osati wadi ndi wadi, ndipo aliyense amakhala pampando zaka zinayi. Mipando siithera limodzi, kotero kuti chisankho chilichonse chimasiyako ena odziwa kale ntchito. Meya sasankhidwa mwachindunji ndi anthu. Makhansala asanu aja amasankha mmodzi mwa iwo kumayambiriro kwa chaka, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kutsogolera misonkhano ndi kuimira tawuni pazochitika.

Woyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku ndi manijala wa tawuni, munthu wolembedwa ntchito ndi khonsolo. Iye ndiye amakonza bajeti, kulemba antchito ndi kuonetsetsa kuti zinyalala zatoledwa, chipale chofewa chakankhidwa m'misewu nyengo yozizira, ziphaso zomangira nyumba zaperekedwa. Khonsolo ikapanda kukhutira naye imamuchotsa. Lamulo la chigawo limakakamiza kuti misonkhano ya khonsolo izichitika poyera ndiponso kuti pazikhala nthawi yoti munthu wamba aimirire n'kulankhula. Pamisonkhano yotere ndi pomwe mumamva madandaulo a galimoto zothamanga pafupi ndi sukulu, madzi osefukira m'mabwalo, ndi nyumba zosanja zomwe wina akufuna kumanga kuseri kwa mpanda.

Komabe khonsoloyi si boma lokhalo m'tawunimo. Ozimitsa moto ali ndi makomishonala awoawo osankhidwa ndi anthu komanso msonkho wawo. Madzi ndi mapaipi a zonyansa ali m'manja mwa bungwe lina lapadera. County imasamalira ndende, misewu ina ndi koleji. Ndiye pali sukulu, zomwe khonsolo ilibe nazo mphamvu ngakhale pang'ono, chikhalirecho ndizo zimadya ndalama zambiri kuposa china chilichonse.

Sukulu ndi msonkho wa nyumba

Mwana wa ku Mount Laurel amadutsa m'manja mwa mabodi awiri a sukulu. Kuyambira sukulu ya mkaka mpaka giredi 8 amakhala pansi pa bodi ya tawuni, ya anthu asanu ndi anayi osankhidwa pavoti ndipo salipidwa. Bodiyi ili ndi sukulu zisanu ndi imodzi za ana aang'ono, sukulu ya Hartford ya giredi 5 ndi 6, ndi ya Harrington ya giredi 7 ndi 8. Kuyambira giredi 9 mpaka 12 amapita ku Lenape High School, yomwe ili ku Medford ndipo idatsegulidwa mu 1958. Sekondaleyi ndi ya bodi ina, yomwe matawuni asanu ndi atatu adagwirizana kuiyendetsa pamodzi. Bodi iliyonse imalemba yokha aphunzitsi, imakambirana yokha malipiro ndi bungwe la aphunzitsi, imagula mabasi achikasu kapena kuwabwereka, ndipo imakonza bajeti yake.

Apa ndi pomwe zimasiyana kwambiri ndi kwathu. Mphunzitsi wa ku Mchinji ndi wa ku Blantyre amalandira kuchokera m'thumba limodzi la boma. Ku matawuni ngati Mount Laurel, gawo lalikulu la malipiro a mphunzitsi limachokera ku msonkho wa nyumba ndi malo a m'tawuni momwemo. Boma la chigawo limathirirapo, la ku Washington limaponyapo pang'ono, koma mtolo waukulu uli pa eni nyumba. M'chigawo chonse, kuposa theka la msonkho wa nyumba limapita ku sukulu. New Jersey ndi imodzi mwa zigawo za msonkho wokwera kwambiri ku America konse, ndipo mu 2024 mwini nyumba wamba ankalipira madola opitirira pang'ono 10,000 pachaka. Wochita lendi nayenso amaulipira, kungoti umabisala m'lendi yake.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Wogwira ntchito wa tawuni amaika mtengo pa nyumba iliyonse, sitolo iliyonse, ofesi iliyonse. Kenako sukulu, khonsolo, county ndi ozimitsa moto amanena ndalama zomwe akufuna chaka chimenecho. Ndalama zofunikazo zimagawidwa ndi mtengo wa katundu yense wa m'tawuni, ndipo zotsatira zake ndiye mlingo wa msonkho. Tiyerekeze matawuni awiri omwe onse akufuna madola 10 miliyoni a sukulu. Yoyamba ili ndi nyumba ndi maofesi a mtengo wa madola 1 biliyoni, choncho idula 1 peresenti. Yachiwiri katundu wake ndi wa madola 500 miliyoni okha, ndiye iyenera kudula 2 peresenti kuti ipeze ndalama zomwezo. Osauka amalipira mlingo wokwera kuti apeze zofanana, ndipo nthawi zambiri ana awo amafunikira zochuluka kuposa za anzawo.

Tsopano taganizirani mmene khansala amaonera nkhaniyi. Kuphunzitsa mwana mmodzi ku New Jersey kumadya madola oposa 20,000 pachaka. Nyumba yolipira 10,000, yomwe theka lake lokha ndilo limafika ku sukulu, ikakhala ndi ana awiri ndiye kuti tawuni ikuikapo zambiri kuposa zomwe ikulandira. Pomwe hotela, ofesi kapena nyumba yosungiramo katundu imalipira msonkho wonenepa osatumiza mwana ndi mmodzi yemwe kusukulu. N'chifukwa chake matawuni amalimbirana makampani ndi midzi ya anthu opuma pantchito, koma akamva za mafulati a mabanja achinyamata amazengereza. Sikuti nthawi zonse ndi nkhanza za munthu. Dongosolo lenilenilo limapereka mphoto kwa tawuni yotseka chitseko. Koma wotsekeredwa kunja amamva kuzizira komweko, kaya chitseko chidatsekedwa ndi chidani kaya ndi masamu.

Kusiyana kwa sukulu za olemera ndi osauka kudafikanso kukhoti padera. Pa mlandu wa Robinson v. Cahill, khoti lalikulu la chigawo lidagamula mu 1973 kuti kudalira kwambiri msonkho wa nyumba kukuphwanya malamulo, ndipo aphungu atazengereza, mu Julayi 1976 lidatseka sukulu za boma mpaka iwo adavomereza msonkho wa pa malipiro, woyamba wokhazikika m'chigawocho. Milandu ya Abbott v. Burke, makamaka chigamulo cha 1990, idakakamiza boma kuthira ndalama zochuluka m'madera osauka, omwe adadzakwana 31, Camden ali momwemo. Kuyambira 2010 pali lamulo loletsa kukweza msonkho wa nyumba kupitirira 2 peresenti pachaka, kupatula pa zinthu zingapo, pokhapokha ovota atalola.

Mphamvu ya kugawa malo

Chida chomwe tawuni imatsekera kapena kutsegulira chitseko chimatchedwa zoning, kutanthauza lamulo la khonsolo lonena chomwe chingamangidwe pamalo aliwonse: kuno nyumba zogona, uko masitolo, uko mafakitale, puloti isachepere pa mlingo wakuti, nyumba isatalike kupitirira apa. Cholinga chake n'chomveka, pakuti palibe amene amafuna fakitale ya utsi pafupi ndi sukulu ya mkaka. Koma lamulo lomwelo lingathe kusankha anthu popanda kutchula mtundu kapena thumba la munthu.

Zomwe khoti lidapeza ku Mount Laurel zikuonetsa bwino mmene izi zimachitikira. Malo okwana 29 peresenti ya tawuni yonse, maekala oposa 4,000, adasungidwira mafakitale, pomwe mafakitale enieni anali atangogwiritsa ntchito maekala pafupifupi 100. M'madera ogona anthu munkaloledwa nyumba zoima pazokha za banja limodzi basi, ndipo m'malo ambiri otsala puloti inkayenera kukhala pafupifupi theka la ekala. Mafulati wamba, nyumba zogundizana ndi nyumba zokokedwa ndi galimoto zinali zoletsedwa.

Pomwe khonsolo idalola makampani akuluakulu kumanga midzi yatsopano yokhala ndi mafulati, idaikapo zingwe. Mafulati ambiri ankayenera kukhala a chipinda chimodzi chogona. Pa mudzi wina kampani idauzidwa kulemba m'mapangano a lendi kuti m'fulati ya chipinda chimodzi musakhale mwana wa msinkhu wa sukulu, ndipo ya zipinda ziwiri asapitirire awiri. Pa mudzi wina adagwirizana kuti ana a sukulu akapitirira atatu pa mafulati khumi aliwonse, kampaniyo izilipira yokha fizi ya owonjezerawo. Munthu ukawerenga zimenezi umaona poyera kuti chomwe tawuni inkathawa chinali ana.

Mayi Lawrence ndi msonkhano wa m'tchalitchi

Nthawi yomwe nyumba zatsopanozi zinkamera m'minda, mabanja akale a anthu akuda ndi azungu osauka a m'dera la Springville ankakhala m'nyumba zogumuka. Ena ankagona m'makola a nkhuku omwe adangowakonza pang'ono, opanda madzi a m'mpopi. Njira ya tawuni inali kudikira kuti banja lituluke m'nyumba yotere, kenako n'kuletsa kuti wina asalowemonso. Ana obadwira m'derali akakwatira ankasowa pokhala, n'kumathera ku Camden.

Mayi Ethel Lawrence, mphunzitsi wa sukulu ya mkaka komanso membala wa Jacob's Chapel, anali wa m'banja lomwe lidakhala m'derali mibadwo yambiri. Iwo ndi anzawo adapanga komiti, adapeza malo ndi thandizo la ndalama, ndipo adapempha chilolezo chomanga mafulati 36. Mu Okutobala 1970 meya wa nthawiyo, a Bill Haines, adabwera kutchalitchi komweko kudzapereka yankho la khonsolo. Omwe adalipo amakumbukira kuti adawauza kuti ngati sangakwanitse kukhala m'tawuniyo, angosamuka. Mawuwo ankauzidwa anthu omwe manda a azigogo awo anali panja pa tchalitchi chomwecho.

Mu 1971, mothandizidwa ndi maloya atatu achinyamata a ofesi yothandiza osauka ku Camden, a Carl Bisgaier, a Kenneth Meiser ndi a Peter O'Connor, komanso nthambi ya NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, anthuwa adasumira tawuni yawo.

Zomwe makhoti adanena

Pa 24 Malichi 1975 khoti lalikulu la New Jersey lidagamula mokomera osumawo. Woweruza Frederick Hall adalemba kuti mphamvu yogawa malo si ya tawuni yokha, ndi ya chigawo chonse, ndipo tawuni imangobwerekedwa. Choncho iyenera kugwiritsidwa ntchito pokomera anthu onse, kuphatikizapo omwe ali kunja kwa malire ake. Tawuni iliyonse yomwe ikukula iyenera kusiya mpata weniweni woti mumangidwe gawo lake loyenera la nyumba za anthu opeza mochepa a m'dera lonselo. Chifukwa choopa msonkho wa sukulu, khotilo lidati, sichokwanira kutsekera anthu kunja. Chigamulochi chidatsamira pa malamulo a chigawo cha New Jersey, kotero sichigwira ntchito m'zigawo zina za America.

Matawuni ambiri adachita ngati sadamve. Mount Laurel yeniyeniyo idangopatula maekala pafupifupi 20 mwa 14,000, m'malo ovuta kumangapo. Mu Januwale 1983 khotilo, motsogozedwa ndi mkulu wa oweruza Robert Wilentz, lidabweranso ndi ndodo. Lidakhazikitsa njira yotchedwa builder's remedy: ngati tawuni siikukwaniritsa gawo lake, kampani yomanga nyumba ingathe kuisumira, ndipo ikapambana imaloledwa kumanga nyumba zochuluka kuposa zomwe lamulo la khonsolo limalola, bola zina mwa izo, kawirikawiri imodzi pa zisanu zilizonse, zikhale zotsika mtengo. Apa makhonsolo adadzidzimuka, chifukwa tsopano wowakokera kukhoti sanalinso mmphawi wopanda loya, koma kampani ya ndalama zake.

Mu 1985 aphungu adakhazikitsa bungwe la COAH kuti liziwerengera tawuni iliyonse gawo lake ndi kuteteza zomvera ku milandu. Lamulo lomwelo lidalola tawuni yolemera kulipira mzinda wosauka kuti uisenzere mpaka theka la gawo lake. Ena adati ndalamazo zikukonza nyumba m'mizinda yovutika, ena adati uku n'kugula chilolezo chosakhala ndi osauka pafupi, ndipo njirayi idathetsedwa mu 2008. Kuyambira cha mu 1999 bungwe la COAH lidalephera kutulutsa malamulo omwe makhoti akadawavomereza, mpaka mu 2015 khoti lalikulu lidalanda ntchitoyo n'kuibwezera kwa oweruza. Lamulo la 2024 lija ndi lomwe lidathetseratu bungweli.

Mawu oti "zotsika mtengo" ali ndi muyeso wake. Banja lopeza mochepa ndi lomwe limalandira theka kapena kucheperapo la zomwe banja lapakatikati la m'deralo limalandira, ndipo gulu lotsatira ndi la pakati pa 50 ndi 80 peresenti. Lendi imaikidwa kuti isapitirire pafupifupi 30 peresenti ya zomwe banja lotere limapeza, ndipo nyumbayo imamangidwa ndi pangano loti ikhalabe yotsika mtengo zaka 30 kapena kupitirira. Ambiri olowa m'nyumbazi ndi anthu apantchito: osamalira okalamba, oyendetsa mabasi a sukulu, ogulitsa m'masitolo.

Nanga mafulati a Mayi Lawrence aja? Bodi ya mapulani ya Mount Laurel idavomereza mudzi wa nyumba zotere mu 1997, pambuyo pa misonkhano yaphokoso. Mabanja oyamba adalowa mu 2000, ndipo pofika 2004 nyumba zidakwana 140. Mudziwo umatchedwa Ethel R. Lawrence Homes. Mwini dzinalo adamwalira mu 1994 asanaone ngakhale maziko ake. Kuchokera pa msonkhano wa m'tchalitchi uja kufika pa kiyi woyamba padadutsa zaka 30, ndipo ambiri mwa omwe adayambitsa pempholo anali atabalalika kale.

Akatswiri a pa yunivesite ya Princeton, motsogozedwa ndi a Douglas Massey, adafufuza mudziwu ndipo adatulutsa zotsatira mu 2013. Poyerekeza ndi matawuni oyandikana nawo, sadapeze kuti umbanda wakwera, mitengo ya nyumba yatsika kapena msonkho wakwera chifukwa cha mudziwo. Okhalamo ambiri adapeza ntchito ndi ndalama zochulukirapo kuposa anzawo omwe adafunsira malo koma sadalowe, ndipo nkhawa zawo zidachepa. Ofufuzawo adatsindika kuti mudziwu udamangidwa mofanana ndi nyumba zoyandikana nawo ndipo umayang'aniridwa mosamala, kotero zotsatira zake si chitsimikizo cha mudzi uliwonse.

Mbali ziwiri za mkangano wa lero

Mameya otsutsa lamulo la 2024 lija ali ndi mfundo zawo. Amati ziwerengero zimachokera ku Trenton kwa anthu osadziwa misewu yawo, mapaipi awo ndi kukula kwa makalasi awo. Amati njira ya imodzi pa zisanu imatanthauza kuti tawuni yofunika nyumba 200 zotsika mtengo ingathe kulandira nyumba 1,000 zatsopano, ndipo wopindula kwambiri ndi kampani yomanga. Amadandaulanso kuti mizinda ina yolandira thandizo la boma siipatsidwa gawo la nyumba zatsopano, zomwe zimawonjezera katundu pa iwo, komanso kuti malo obiriwira akutha.

Ochirikiza lamuloli, monga bungwe la Fair Share Housing Center lomwe a O'Connor adayambitsa mu 1975, amayankha kuti mizinda yakale idasenza kale osauka ambiri kwa zaka makumimakumi, kuti tawuni ili ndi ufulu wosankha pomanga ndi mmene ingamangire ikakonza pulani yake nthawi yabwino, ndiponso kuti pomwe panalibe chokakamiza, matawuni ambiri sadamange kanthu. Amakumbutsanso kuti namwino ndi wapolisi wa m'tawuni momwemo nthawi zina sangakwanitse kukhalamo.

Mbali zonse ziwiri zimagwirizana pa chinthu chimodzi, ngakhale sizichinena mofanana: bola sukulu zikudalira msonkho wa nyumba, mkangano wa nyumba sudzasiyana ndi wa sukulu.

Moyo wa masiku onse

Mount Laurel ilibe pakatikati pa tawuni pomwe munthu angayende wapansi kuchoka kusitolo kupita kubanki. Ndi midzi yomwazikana, monga Ramblewood, Larchmont ndi Birchfield, yolumikizidwa ndi misewu ya Route 38 ndi Route 73. Wopanda galimoto amavutika. Pafupi ndi potulukira pa Turnpike pali mahotela ndi maofesi ambirimbiri, omwe msonkho wawo umapepuza eni nyumba. Kampani ya NFL Films, yojambula mafilimu a mpira wa ku America, ili ndi likulu lake kuno, komanso kuli sukulu yaikulu ya koleji ya Rowan College at Burlington County.

Anthu amakumanira pa ana. Loweruka m'mawa makolo amakhala pamipando yopinda m'mbali mwa bwalo, ena akuphunzitsa timu mwaulere, ena akugulitsa zakumwa kuti apeze ndalama za yunifomu. Komiti za makolo ndi aphunzitsi zimakonza zochitika zosonkhetsa ndalama. Paki ya Laurel Acres ili ndi dziwe lowedzamo nsomba, chikumbutso cha asilikali akale ndi kaphiri komwe ana amatsetserekapo chipale chikagwa. Laibulale ya tawuni si ya mabuku okha, mumachitikanso misonkhano ndi maphunziro a akuluakulu. M'midzi yambiri yatsopano mulinso komiti ya eni nyumba, yomwe imatolera ndalama pamwezi ndi kuika malamulo ake a zinyalala, poimika galimoto ndi maonekedwe a pakhomo. Jacob's Chapel imapempherabe, ndipo Paulsdale tsopano ndi malo ophunzitsira atsikana utsogoleri.

Kwa banja lobwera kumene, kaya kuchokera ku Camden kaya kutsidya la nyanja, chinthu choyamba chomwe ofesi ya sukulu imafunsa ndi umboni wa komwe likukhala: pangano la lendi, risiti ya magetsi, kalata ya msonkho. Za mapepala olowera m'dziko safunsa, pakuti khoti lalikulu la America lidagamula mu 1982 kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wophunzira m'sukulu za boma. Koma za adiresi sachita nazo masewera. Mabodi a sukulu ku New Jersey ali ndi mphamvu yofufuza ngati mwana amagonadi komwe makolo adalemba, ndipo akapeza kuti banja lidabwereka adiresi ya m'bale kuti mwana alowe sukulu ya tawuni ina, angathe kumuchotsa ndi kulipiritsa makolowo fizi ya masiku onse omwe adaphunzira.